Funsani Mmisiri: marauta atatu, senha zitatu, alendo akudandaula

Makalata a mwezi uno ndawawerengera pansi pa mtengo wa mango ku Matundo, ndikudikira kuti dzuwa lipepe ndikwerenso padenga la munthu. Amene simunakhalepo ku Tete mu Okutobala simungamvetse: malata amawotcha mawondo ngakhale utavala buluku lokhuthala. Makalata atatu akufunsa nkhani imodzi, ya kayendetsedwe ka zida za Wi-Fi, ngakhale eni ake sakudziwana, ndiye ndawaika pamodzi. Yachinayi ndaiika chifukwa inandiseketsa.

*Achimwene, ndili ndi nyumba ya alendo ku Ulónguè, zipinda 14 m'mizere iwiri, ndi malo odyera kutsogolo. Mwana wa mchemwali wanga anandiikira marauta atatu, iliyonse ndi dzina lake ndi senha (pasiwedi) yake. Alendo anga ambiri ndi ogula mbatatesi ndi chimanga, ndipo amadandaula kuti akachoka podyera kupita kuchipinda intaneti imaduka mpaka afunsenso senha ina. Kunabwera mnyamata wogulitsa zida, ati ndichotse zonse ndigule zatsopano pamodzi ndi kabokosi kotchedwa controller, ndiye netiweki idzalimba. Ndalama zimene watchula ndikhoza kufolera nazo zipinda zina ziwiri. Kodi akunena zoona? Ndine mayi wa ku Ulónguè.*

Mayi, mnyamatayo sananame, koma sanamalize kunena. Chimene wasiyacho ndi chimene chikukhudza thumba lanu.

Tiyambe ndi mayina, kuti akadzabweranso muzimvana. Chipangizo chimene chimaulutsa Wi-Fi, chimene foni ya mlendo imalumikizako, amisiri timachitcha access point. Rauta ya m'nyumba imene timagula pa loja ili ndi ntchito zingapo m'bokosi limodzi: imalandira intaneti, imagawira mafoni maadiresi (manambala owazindikiritsa pa netiweki), komanso ili ndi access point mkati mwake. Tsono ma access point akachuluka pamalo amodzi, pali njira ziwiri zowayendetsera. Yoyamba, iliyonse imadziimira payokha. Ili ndi khomo lake lolowera, dzina lake, senha yake (abale athu a ku Dedza amati pasiwedi), ndipo sidziwa n'komwe kuti kuseri kwa khoma kuli inzake. Zili ngati anyakwawa atatu m'mudzi umodzi, aliyense ndi bwalo lake, osatumizirana uthenga. Yachiwiri, zonse zimamvera malo amodzi. Malo amenewo ndiwo controller. Ikhoza kukhala kabokosi, pulogalamu ya pakompyuta, kapena makina a kampani ali kutsidya kwa nyanja amene mumawafikira pa intaneti. Mukasintha senha pamenepo, ma access point onse asintha nthawi yomweyo.

Njira yachiwiriyi sanaipangire nyumba ya zipinda 14. Inabadwa chifukwa cha mayunivesite, zipatala zazikulu ndi maofesi okhala ndi ma access point mazanamazana, kumene munthu mmodzi sakanatha kulowa mu iliyonse payokha. Kampani ya Cisco inagula kampani ina yotchedwa Airespace mu 2005 chifukwa cha luso limeneli, ndipo mu 2009 kunatuluka ndondomeko yotchedwa CAPWAP, yofotokoza momwe access point ndi controller ziyenera kulankhulirana. Pambuyo pake zida zotsika mtengo zinatengera nzeruyi, n'chifukwa chake lero yafika mpaka ku Angónia m'chikwama cha mnyamata uja.

Pamene wakusocheretsani ndi pa mawu oti "idzalimba". Controller siwonjezera mphamvu ya Wi-Fi. Ngati chipinda cha kumapeto chili kuseri kwa makoma anayi a njerwa zootcha, chidzakhalabe kuseri kwa makoma anayi omwewo. Ngati intaneti imene ikulowa m'nyumba mwanu ndi yochepa, idzakhalabe yochepa. Ntchito ya controller ndi kuyang'anira.

Vuto lanu, mmene mwalifotokozera, ndi la mayina atatu aja. Kwa foni, mayina atatu ndi manetiweki atatu osiyana. Ndikukayikiranso kuti rauta iliyonse ikugawa maadiresi akeake, zimene zimachititsa kuti munthu akasamuka, zonse zimene amachita ziyambirenso. Muitaneni mwana wa mchemwali wanu uja, mumuphikire nsima ya nkhuku, achite izi. Rauta imodzi yokha, imene ikulandira intaneti, ndiyo ikhale yogawa maadiresi. Ziwiri zinazo aziike pa access point mode. Ngati zilibe, azimitse DHCP, mbali imene imagawa maadiresi, n'kulowetsa waya pa doko lolembedwa LAN, osati WAN. Zonse zitatu azipatse dzina limodzi, senha imodzi, ndi chitetezo cha mtundu umodzi, WPA2, mosasiyanitsa ngakhale chilembo chimodzi. Koma matchanelo, njira zimene iliyonse imaulutsirapo ngati masiteshoni a wailesi, akhale osiyana. Pa 2.4 GHz matchanelo amene sapondana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndiye mwayi wanu, marauta anu ndi atatu ndendende. Akatero, foni ya mlendo izisamuka yokha. Pakhoza kukhala kadukidwe kakang'ono ngati munthu akuyenda ali pa foni ya WhatsApp, koma sadzabweranso kukhitchini kudzafunsa senha.

Chinthu china chimene anthu amadabwa nacho ndikawauza: achepetseko mphamvu ya marautawo, asaikweze. Amene amasankha nthawi yosamuka ndi foni, osati rauta. Foni ikamamvabe ya podyera, ngakhale mwapatalipatali, imakakamira komweko ngati nkhupakupa pa ng'ombe, ya pakhomo pa chipinda ili pomwepo. Mukachepetsa mphamvu, imataya msanga n'kugwira yapafupi. Zida za controller zili ndi njira zothandizira foni kusamuka mwachangu, zotchedwa 802.11k, 802.11v ndi 802.11r, ndipo zimagwiradi ntchito, koma nazonso zimangoilangiza foni. Mafoni ena akale samva n'komwe malangizowo.

Mufunsenso ngati marauta awiriwo alumikizidwa ndi waya kapena akungotola Wi-Fi ya inzawo n'kuibwereza. Ngati akubwereza, ndalama yanu yoyamba ipite pa waya. Kubwereza kumadya pafupifupi theka la liwiro. Waya wa netiweki umafika mamita 100, ndipo sindikukhulupirira kuti nyumba yanu yapitirira pamenepo. Mugule wa kopa weniweni, chifukwa pamsika pali wina wa aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba, umene umathyoka mkati ukangopindika kawiri.

Kodi ndiye controller musadzaigule konse? Ayi. Kwa ine, ma access point akafika asanu kapena asanu ndi imodzi, kuwayendetsa payekhapayekha kumayamba kutopetsa. Uwu si muyezo wa m'buku, ndi wa mawondo anga. Chaka china anandiitana pamalo ena ogona antchito ku Moatize. Ma access point 11, onse odziimira paokha, ndipo amene anawaika anapita ku Johannesburg ndi senha zolowera mkati zili m'mutu mwake. Eni malo amafuna kungosintha senha ya Wi-Fi basi, chifukwa inali itafalikira bairro yonse. Ndinakwera makwerero ka 11, kubaya kabowo ka reset ndi waya wa kopanira mapepala, fumbi la malasha likugwera m'maso, kenako kukonza imodziimodzi. Masiku awiri. Pakanakhala controller ndi senha yake yolembedwa penapake, ikanakhala ntchito yoti tiyi asanazizire yatha.

Tsono folerani zipinda zanu ziwirizo. Rauta ina ikadzafa, m'malo mwake mudzagule access point ya mtundu umene umatha kuyenda pawokha lero n'kudzalowa pansi pa controller mawa. Za TP-Link Omada zimatero. Pang'onopang'ono mudzapezeka muli nazo za mtundu umodzi, ndipo kabokosi kaja mudzakagule tsiku limene mudzatope. Mtundu umodzi ndikunenetsa, chifukwa controller ya kampani ina siilamulira zida za kampani ina. Ndipo lero lomwe, Mayi, tengani kope limene mumalembamo ngongole za alendo, tsamba lomaliza mulembe senha zolowera mkati mwa rauta iliyonse. Mwana wa mchemwali wanu nayenso tsiku lina adzapeza ntchito ku Maputo.

*Bambo mmisiri, ndine mphunzitsi pa sukulu ina ku Macanga, kufupi ndi Furancungo. Anzathu akunja anatitumizira ma access point 9 amene anagwirapo ntchito mu ofesi ina kwawoko. Ndi okongola, olemera, koma tikawalumikiza nyali imangophethira, Wi-Fi osatuluka. Tayesa kulowamo ngati mmene timalowera mu rauta, palibe chikuoneka. Kodi anatipatsa zakufa?*

Aphunzitsi, mwina sizakufa. Ndikuganiza kuti zikufunafuna mfumu yawo imene inatsala kutsidya kwa nyanja.

Musanapite patali, onani kaye magetsi. Zida zotere zimadyera pa waya wa netiweki womwewo, njira yotchedwa PoE, ndipo ilipo ya misinkhu: 802.3af imapereka mawati 15.4, pamene 802.3at imafika 30. Access point yofuna yachiwiriyo mukaipatsa yoyamba, ikhoza kuyaka nyali koma osayatsa mbali zake zonse. Pansi pa chipangizo kapena pa pepala lake pamalembedwa.

Magetsi akakhala bwino, nkhani ndi iyi. Mawu oti "yoyendetsedwa ndi controller" amabisa mitundu yosiyana kwambiri, ndipo kusiyana kwake kumaoneka tsiku limene controller palibe. Mtundu wina, access point ili ngati thupi lopanda mutu. Ikayaka imayamba kuitana controller, ikapanda kuyankhidwa imangokhala, ngakhale dzina la Wi-Fi siitulutsa. Za Cisco zambiri za m'maofesi akuluakulu zili choncho. Tembenuzani chimodzi muwerenge nambala yake. Pa zakale za kampani imeneyi, zoyamba ndi AIR-LAP kapena AIR-CAP zinatuluka kufakitale zofuna controller, pamene AIR-SAP ndi zodziimira pazokha. Zambiri za m'badwo umenewo mmisiri amatha kuzisintha pozilowetsa pulogalamu ina, yokhala ndi k9w7 m'dzina lake m'malo mwa k9w8. Si ntchito yoyesera ana a kalasi ya kompyuta; imafuna waya wapadera ndi munthu woti anaichitapo.

Mtundu wina ndi wa cloud, monga Meraki, imene Cisco inagula mu 2012. Apa controller ili pa makina a kampaniyo, ndipo mumalipira laisensi. Intaneti ikaduka kwa kanthawi zida zimapitiriza ndi malangizo amene zinalandira komaliza, koma simungasinthe kanthu. Laisensi ikatha, pa dongosolo lawo lodziwika kwambiri amakupatsani masiku 30, kenako zida zimasiya kutumikira. Komanso chipangizo chikakhala kuti chidakali cholembedwa m'dzina la ofesi yakale ija, inu simungachilembetse mpaka iwo atachimasula. Ngati zanuzo ndi zotere, muwalembere anzanuwo mwaulemu, muwathokoze, kenako muwafunse kuti laisensi azilipira ndani chaka ndi chaka. Walira mvula walira matope. Sukulu imene imavutika kugula choko isalowe ngongole ya madola chifukwa choopa kukhumudwitsa wopereka.

Ulipo mtundu wachitatu, umene ine ndimaukonda kumadera ngati kwanuko. Access point imalandira malangizo kwa controller n'kuwasunga m'mimba mwake. Controller ikazima, Wi-Fi imapitirira. UniFi ya Ubiquiti ndi Omada zimayenda motero, ndipo pulogalamu ya controller yoika pakompyuta yanu salipiritsa. Aruba Instant inapita patsogolo pang'ono: ma access point amasankhana okha, imodzi n'kukhala mtsogoleri wa anzake, ikafa ina imalowa m'malo, ngati mmene mbumba imakhalira pansi kusankha wolowa ufumu. Zanuzo zikapezeka za mtundu wachitatuwu, mwapata. Kubaya reset ndi kuzilembetsa mwatsopano basi.

Pa sukulu ndiye ndimalimbikitsa controller mosazengereza, kusiyana ndi mmene ndawayankhira mayi a ku Ulónguè aja. Mufunika netiweki ya aphunzitsi ndi ya ophunzira zosaonana, kuti mwana wochenjera asafike pa kompyuta yosungira mayeso. Mufunika kuika malire a liwiro kuti mmodzi wokopera mafilimu asatseke onse. Mufunika Wi-Fi ya ophunzira izizima yokha usiku. Zonsezi pa ma access point 9 payekhapayekha mudzalakwitsa pa imodzi, ndipo ana adzaipeza imodziyo sabata isanathe, n'kumaunjikana pansi pa zenera lake. Chinanso ndi mtunda. Mmisiri wochokera ku Tete kuti afike ku Furancungo nthawi ya dzinja ndi tsiku lathunthu ndi ndalama ya chapa kupita ndi kubwera. Pokhala controller yofikirika pa intaneti, amaona ali kwawo kuti ya ku laibulale yazima, n'kukuimbirani kuti mukaone waya, mwina makoswe alawa.

Zinthu ziwiri musaiwale. Controller, switch (bokosi limene mawaya onse a netiweki amakumanirapo) ndi rauta zikhale pa batire, chifukwa kuzima mwadzidzidzi kumatha kuwononga zosungidwa mu controller. Ndipo mukamaliza kukonza, mutulutse backup, fayilo yosunga zonse zimene mwakonzazo, muisunge pa flash mu kabati ya a dailekitala, pamodzi ndi senha m'envelopu. Akaunti isalembetsedwe pa imelo ya mphunzitsi mmodzi, ngakhale inuyo. Aphunzitsi amasamutsidwa. Nditumizireni chithunzi cha pansi pa chipangizo chimodzi kudzera kwa akonzi, ndikuuzani mtundu wake.

*Akulu, ine ndi mnyamata wa ku Zóbuè. Ndimagulitsa Wi-Fi kwa madalaivala a mathiraki amene amagona pa malire kudikira mapepala. Ndili ndi ma access point awiri okha. M'mawa uliwonse ndimasintha senha, koma pofika masana aliyense ali nayo, mpaka osintha ndalama ndi ogulitsa mazira. Ndinamva kuti ziwiri sizifuna controller. Nditani?*

Mphwanga, amene anakuuza anawerenga zida, sanaone ntchito. Iwe ndi ziwiri zakozo ukufunika woyang'anira pakati kuposa mayi a zipinda 14 aja.

Senha imodzi ya anthu onse ndi chinsinsi cha pa chitsime. Chimene ukufuna ndi mavocha: munthu akalumikiza, pamatuluka tsamba lofunsa nambala, ndipo nambala iliyonse ili ndi nthawi yake, ola limodzi kapena tsiku, pa foni imodzi. Tsono payenera kukhala malo amodzi okumbukira kuti vocha iyi yagwiritsidwa kale ntchito, yatsala ndi mphindi zakuti. Access point yodziimira payokha singadziwe zimene inzake yalola. Ndipo apa zimene ndawauza aphunzitsi zija, zoti controller ikazima Wi-Fi imapitirira, kwa iwe sizikukwanira. Mavocha a UniFi ndi a Omada amafuna controller ikhale yoyaka nthawi zonse. Ndaonapo anyamata akuiika pa laputopu, madzulo n'kupita nayo kunyumba, dalaivala wagula vocha ya usiku wonse koma tsamba osatuluka. Dalaivala woti wakhala masiku atatu pa malire si munthu womuputa.

Njira zilipo ziwiri. Ngati zida zako ndi Omada, kabokosi kawo ka controller kotchedwa OC200 n'kakang'ono, kamadya magetsi ochepa, kamayaka ndi PoE kapena waya wa USB, ndiye kabatire ka sola kamakwanitsa. Apo ayi, rauta ya MikroTik, kampani ya ku Latvia, ili ndi hotspot, tsamba lofunsa vocha lija, mkati mwake momwemo. Mavocha amakhala mu rauta, ma access point ako awiriwo n'kungokhala ngati zimkuzamawu, a mtundu uliwonse, opanda senha. Ilinso ndi CAPsMAN yoyang'anira ma access point a MikroTik popanda kulipira china. Ndikuchenjeze, MikroTik siinyengerera munthu. Masamba ake ali ngati fomu ya kasitomu. Koma mnyamata woti amadzuka m'mawa uliwonse kusintha senha pa zida ziwiri ali nako kupirira kokwanira, ndipo ukaidziwa, ntchito izikupeza yokha kuchokera ku Zóbuè mpaka ku Moatize.

Uike malire a liwiro pa vocha iliyonse, ndipo uyatse zoti makasitomala asaonane pa netiweki. Ma access point akhale a panja enieni, okwezedwa pamwamba kuposa mathiraki, chifukwa kontena yachitsulo ikaima pakati Wi-Fi imathera pomwepo. Mlongoti wowakwezerapowo uulumikize ndi nthaka mvula isanayambe. Mphenzi za m'mapiri a kwanuko ndimazidziwa, zinandidyera switch yatsopano nditangoilipira.

China, chosakoma kumva. Kugulitsa intaneti kwa anthu si chimodzimodzi kuigwiritsa ntchito pakhomo. Kaya ukuitenga ku Starlink, imene inayamba kugwira ntchito mu Mozambique mu 2023, kaya ku kampani ya mafoni, uwerenge pangano lako ngati likulola kugulitsanso, ndipo ufunse ku INCM, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, zimene lamulo likufuna kwa munthu wa bizinesi ngati yako. Ufunse bizinesi idakali yaing'ono.

*Achimwene, amuna anga anaika controller pa sitolo yathu ku Dómuè ndipo akuti tsopano amaona chilichonse. Kodi amawerenga mauthenga anga a WhatsApp? Musatchule dzina langa.*

Achemwali, dzina sindinatchule. Mauthenga sawerenga. Kuyambira 2016 WhatsApp imamanga mauthenga onse mwa njira yoti amamasuka pa foni ya wolandira pokha, ndipo controller ilibe kiyi wake. Chimene amaona ndi dzina la foni yanu, access point imene mwalumikizako, nthawi imene mwalowa ndi kutuluka, ndi kuchuluka kwa data imene mwadya. Zida zina zimasonyezanso kuti data imeneyo yapita ku WhatsApp kapena ku Facebook, koma osati zimene mwalemba kapena amene mwamulembera. Akakuuzani mawu enieni a uthenga wanu, musaikayikire controller, mukaone pa Linked devices mu WhatsApp yanu ngati pali kompyuta yachilendo, ndipo musinthe nambala yotsekulira foni. Koma zoti Lachiwiri munali pa intaneti mpaka 1 koloko usiku pamene munati mutu ukupweteka, zimenezo ndiye aziona.